Makina Obalansira Matayala: Dzina Lokha Silokwanira

Kusanache kwenikweni, msewu wa Seke umakhala utadzuka kale. Makombi odzaza ndi anthu opita kuntchito amatsatizana kulowera ku Harare, ndipo pakati pawo pamakhala timagalimoto ta alimi tonyamula mabokosi a matimati ndi mitolo ya masamba kupita kumsika wa Mbare. Msewu ukatseguka, dalaivala n'kufika pa liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola, chiwongolero chimayamba kunjenjemera m'manja. Madalaivala ambiri adachizolowera chizindikiro chimenechi kotero kuti sachilabadiranso. Ena amangochepetsa moto pang'ono, ena amaonjezera kuti adutse msanga pamene pakunjenjemerapo.

Kawirikawiri kunjenjemera kumeneku kumachokera ku gudumu lomwe mbali imodzi yalemera kuposa inzake. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: tizitsulo ta magalamu ochepa tokhomedwa pamalo oyenera m'mphepete mwa limu. Vuto ndi lakuti malo oyenerawo diso silingawaone. Pamafunika makina, ndipo kwa mmisiri womata matayala m'mbali mwa msewu, kapena gulu la achinyamata lomwe lasonkherana ndalama, makinawa ndi amodzi mwa katundu wodula kwambiri amene angagule. Akasankha bwino, ntchito imakula. Akalakwitsa, amatsala ndi ngongole pamodzi ndi chitsulo chonama chomwe chimabwezera makasitomala pamsewu ndi vuto lomwe adabwera nalo.

Tauni yoyenda pa matayala

Chitungwiza ili kummwera kwa mzinda wa Harare, pamtunda wosapitirira makilomita 30. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokesheni atatu a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 adapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Ena mwa iwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale pa nthawi ya atsamunda. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zomwe malamulo aakulu a dzikoli a 2013 amazivomereza.

Tauniyi idamangidwa ngati malo ogona a anthu ogwira ntchito mumzinda waukulu. Njanji yolumikiza Chitungwiza ndi Harare yakhala ikukambidwa kuyambira zaka za m'ma 1980, koma sidamangidwe. Choncho wantchito, mwana wasukulu, wodwala ndi mlimi wa m'midzi ya Seke, onse amayenda pa matayala.

Matayalawo sayenda pabwino. Mu Febuluwale 2021 boma la Zimbabwe lidalengeza kuti kuonongeka kwa misewu ya m'dzikolo kwafika pa mlingo wa ngozi yogwa mwadzidzidzi. Dzenje limodzi la pamsewu litha kupinda limu kapena kugwetsa kachitsulo kobalansira, ndipo gudumu lomwe dzulo linkayenda bwino limayamba kuvina. Kuonjezera apo, eni galimoto ambiri amagula matayala a kaunjika, omwe amafika atadyeka kale mosiyana mbali zina.

Pa malo a malonda ngati Chikwanha ndi m'misewu ya ku Zengeza, omata matayala amagwira ntchito ndi kompuresa, zitsulo zovulira tayala ndi beseni la madzi lofufuzira pobooka. Kasitomala akafuna kubalansa, ambiri a iwo amamutumiza kwina, ndipo ndalama imapita naye. Apa ndi pomwe maganizo ogula makina amabadwira.

Chimachitika n'chiyani m'gudumu?

Palibe tayala kapena limu yomwe imatuluka kufakitale yolemera chimodzimodzi kuzungulira konse. Pena mphira amachindikala pang'ono, pena pali valavu, pena padamatidwa chigamba. Kusiyanaku kumakhala kwa magalamu ochepa, ndipo galimoto ikamayenda pang'onopang'ono sikumveka. Komabe amene adazunguzapo mwala womanga kuchingwe akudziwa mmene kamwala kakang'ono kamakokera dzanja chingwe chikamazungulira mofulumira.

Gudumu la kombi la limu ya mainchi 15 limazungulira pafupifupi ka 13 pa sekondi iliyonse galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola. Pa liwiro limenelo, magalamu 30 okha opitirira m'mphepete mwa limu amakoka ndi mphamvu yofanana ndi mwala wa makilogalamu pafupifupi 4. Pa makilomita 50 pa ola mphamvuyo sikwana ngakhale kilogalamu imodzi, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake galimoto imayenda mwaulemu m'timisewu ta ku St Mary's koma n'kuyamba kunjenjemera ikalowa mumsewu waukulu.

Vutoli lili pawiri. Gudumu litha kumadumpha m'mwamba ndi pansi, kapena kumagwedezeka uku ndi uku chifukwa kulemerako kwatsamira kumphepete yakunja kapena yamkati. Vuto lachiwirili limatha pokhapokha tizitsulo tikaikidwa mbali zonse ziwiri za limu, mbali iliyonse ndi muyeso wake.

Gudumu lotere likalekereredwa, tayala limadyeka m'zigambazigamba n'kutha nthawi yake isanakwane. Mashoko, mabering'i ndi zolumikizira za chiwongolero zimafooka msanga. Tayala lodumpha siligwiranso bwino msewu, makamaka mvula ikagwa, ndipo m'kombi yodzaza anthu nkhani imeneyi ndi ya moyo.

Mmisiri woona ayeneranso kudziwa malire a makina ake. Galimoto yomwe ikukokera mbali imodzi, matayala n'kumadyeka m'mphepete mokha, imafuna alayimenti, yomwe ndi ntchito ina ya makina enanso. Chiwongolero chikamanjenjemera pokhapokha dalaivala akaponda buleki, vuto limakhala kumabuleki. Limu yopindika kapena tayala lotupa, lomwe mawaya ake adaduka mkati, silichira ndi tizitsulo ngakhale titachuluka bwanji. Tayala lotero ndi lofunika kulichotsa.

Mitundu itatu ya makina

Makina apafupi kwambiri ndi aja a kathovu. Gudumu limagonekedwa chathyathyathya pamwamba pa msomali wosongoka, ndipo kathovu ka m'galasi kamaonetsa mbali yomwe yalemera. Safuna magetsi ndipo saonongeka wamba, koma amathetsa vuto la kudumpha lokha. Kugwedezeka kwa uku ndi uku sakuona.

Mtundu wachiwiri ndi makina a kompyuta ozunguza ndi dzanja. Gudumu limamangidwa pa shafuti, mmisiri n'kulizunguza, ndipo masensa a mkati amayeza mphamvu yomwe likukoka nayo. Galasi limaonetsa magalamu ofunika kunja ndi mkati, komanso malo okhoma. Amadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo ena amatha kuyendera batire ya mavoti 12.

Mtundu wachitatu, womwe uli m'magalaja ambiri, uli ndi mota yozunguza gudumu yokha ndipo umamaliza kuyeza m'masekondi pafupifupi 10. Umakhala ndi chivindikiro chotchinga miyala kapena tizitsulo tomwe tingathothoke gudumu likamazungulira. Pamwamba pa onsewa pali makina odula zedi okhala ndi kuwala kwa laser ndi chogudubuza chokanikiza tayala ngati lili pamsewu. Amenewa ndi a makampani aakulu, ndipo gulu longoyamba kumene silifunika kuwalota.

Mayina otchuka pa ntchitoyi ndi monga Hunter wa ku United States, Hofmann ndi Beissbarth omwe adayambira ku Germany, komanso Corghi ndi CEMB a ku Italy. Makina ambiri otsika mtengo amapangidwa ku China, ena mumzinda wa Yingkou m'chigawo cha Liaoning, ndipo makina amodzimodzi amatha kugulitsidwa m'mayina osiyanasiyana. Pakati pa makina a ku China pali abwino ndi oipa. Pakati pa a mayina otchuka palinso akale omwe adatopa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: utoto wowala, galasi lalikulu ndi dzina lomatidwa pamwamba sizinena chilichonse za mmene makinawo amayezera.

Kuyamba ndi magudumu a makasitomala

Asanapite kusitolo, wogula achite kauniuni wa galimoto zomwe zimaima pamalo pake kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ku Chitungwiza zambiri zimakhala timagalimoto ta ku Japan ngati Honda Fit, makombi a Toyota Hiace ndi mapikapu a alimi. Makina wamba a galimoto zazing'ono amanyamula gudumu la makilogalamu 65 kapena 70, ndi malimu a mainchi 10 mpaka 24, kotero magudumu onsewa amakwana. Gudumu la lole yaikulu kapena basi, la limu ya mainchi 22.5, litha kufika makilogalamu 100 ndipo limafuna makina akeake okhala ndi chonyamulira. Kulikakamiza pa makina aang'ono ndiko kupinda shafuti.

Chachiwiri ndi zomangira. Gudumu limakhazikika pakati pa shafuti mothandizidwa ndi chitsulo chooneka ngati fanulo, chotchedwa koni. Magudumu a mapikapu ndi makombi ena ali ndi bowo lalikulu pakati, ndipo amafuna koni yaikulu yomwe nthawi zina simabwera pamodzi ndi makina. Magudumu ena amakhazikika bwino akamangidwa kudzera m'mabowo a mabawuti, ndipo amenewa amafuna mbale yapadera. Wogula afunse mtengo wa zonsezi asanagwirizane za mtengo wa makina.

Kukula kwa shafuti nakonso n'kofunika. Makina ambiri a m'magalaja aakulu ali ndi shafuti ya mamilimita 40, pamene otsika mtengo ambiri ali ndi ya 36. Koni ndi nati za mtundu umodzi sizilowa pa unzake. Chanzeru ndi kusankha saizi yomwe zipangizo zake zikupezeka m'masitolo a ku Harare.

Makinawo akhalenso ndi njira yoyezera malimu a aluminiyamu, omwe amafuna tizitsulo tomata mkati m'malo mwa tokhoma m'mphepete.

Nkhani ya magetsi

Makina abwino osayaka sapindulitsa munthu. M'chaka cha 2019 mabanja ndi mabizinesi ambiri ku Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority lidalamula kuti malo opangira magetsi a Kariba South aime kaye chifukwa madzi adatsika kwambiri m'nyanja. Zambia idakumana ndi mdima wotere pa chilala cha 2024, ndipo Malawi adauona namondwe Ana ataononga malo a Kapichira mu Januwale 2022. Wogula makina m'chigawo chino ayenera kuganiziratu za tsiku lomwe magetsi kulibe.

Poyamba awerenge kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwa makina. Magetsi a m'nyumba ndi m'timashopu ndi a mavoti 220 mpaka 240. Makina ena amafuna magetsi a mafakitale a mavoti 380 kapena 400, ndipo ena opangidwira msika wa ku America amafuna mavoti 110. Kugula makina osagwirizana ndi magetsi a pamalopo kumabweretsa ndalama zina zosayembekezeka.

Ubwino wake ndi wakuti mota ya makina a galimoto zazing'ono siidya magetsi ambiri. Yambiri imafuna pafupifupi kota ya kilowati, kuchepera kutali simbi yamagetsi yositira zovala. Choncho batire, sola ndi inveta yabwino, ya mtundu wa pure sine wave, zitha kuyendetsa makinawo tsiku la mdima. Choopsa ndi magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka, komanso jenereta yaing'ono yomwe mphamvu yake imakwera n'kutsika. Zimenezi zimapsereza bolodi ya kompyuta, yomwe ndi mtima wa makina. Chotetezera magetsi, waya wopita pansi ndi chizolowezi chozula pulagi magetsi akazima n'zotsika mtengo poyerekeza ndi bolodi yatsopano.

Mayeso atatu ndalama isanatuluke m'thumba

Makina odalirika ndi amene amanena chimodzimodzi nthawi iliyonse akafunsidwa funso lomwelo. Izi munthu atha kuziyesa yekha m'sitolo momwemo, ngakhale sadapite patali ndi sukulu. Apite ndi magudumu ake awiri a malimu achitsulo osapindika, limodzi la galimoto yaing'ono ndi lina la kombi kapena pikapu. Atengenso kachitsulo kobalansira ka magalamu 50 komwe wakayeza pa sikelo. Apemphe wogulitsa kuti aike makina pa muyeso woonetsa galamu iliyonse, chifukwa pa muyeso wa masiku onse makina amabisa magalamu osakwana 5 n'kuonetsa ziro. Pa makina ambiri malire obisirawa amatha kukwezedwa, kotero ziro wa pagalasi si umboni wokwanira.

Yeso loyamba ndi lobwereza. Gudumu limangidwe, lizunguzidwe katatu osalikhudza. Manambala ndi malo okhoma zituluke zofanana, kapena zisiyane ndi magalamu awiri kapena atatu okha. Makina omwe anena 20, kenaka 35, kenaka 15, ali ndi vuto la masensa, la mabering'i kapena la bolodi.

Yeso lachiwiri ndi la kachitsulo kodziwika. Gudumu libalansidwe mpaka mbali zonse ziwiri zionetse ziro. Kenaka kachitsulo ka magalamu 50 kaja kakhomedwe paliponse m'mphepete yakunja, gudumu n'kuzunguzidwanso. Makina abwino apempha magalamu pafupifupi 50 kunja, pamalo oyang'anizana ndendende ndi kachitsuloko, ndipo mbali yamkati ikhala pafupi ndi ziro. Ndiye kuti makina akaloza pamwamba kuti ndi pokhoma, kachitsulo koyesera kapezeke pansi penipeni. Zomwezo zichitikenso mbali yamkati.

Yeso lachitatu ndi lomasula. Kachitsulo koyesera kachotsedwe, nati imasulidwe, gudumu litembenuzidwe theka pa shafuti n'kumangidwanso. Kusiyana kwa magalamu osapitirira 10 n'kovomerezeka. Kukaposa apo, ndiye kuti koni yadyeka, shafuti yapindika, kapena bowo la pakati pa limu lakula. Gudumu lachiwiri lija ndilo lidzaulule ngati cholakwa chili pa makina kapena pa limu.

Mayeso onsewa satenga theka la ola. Wogulitsa wokana kuti makina ayesedwe wapereka kale yankho. Amene akuitanitsa makina kuchokera kunja, komwe sangawayese, agwirizane polemba kuti gawo lina la ndalama lidzaperekedwa makina akafika n'kupambana mayesowa.

Makina akadzaonongeka, adzakonza ndani?

Chitsulo chilichonse chogwira ntchito chimadwala. Pa makina obalansira, zomwe zimatha msanga ndi nati yomangira gudumu, koni, lamba wa mota, mabatani, masensa ndi bolodi. Safunsa adadya phula: wogula afunse ngati zipangizozi zili m'sitolomo tsiku lomwelo, ndipo azione ndi maso pamodzi ndi mitengo yake. Afunse dzina la mmisiri wokonza makinawo ndi mtunda womwe adzayende. Apemphenso kuti amulozere magalaja awiri omwe agwiritsa ntchito makina a mtunduwo kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo akawayendere yekha.

Makina ogula ku Johannesburg kapena oitanitsa pa intaneti amaoneka otsika mtengo, koma pamtengopo pamaonjezekera ndalama yonyamulira kudzera pa chipata cha Beitbridge ndi misonkho ya bungwe la ZIMRA. Akaonongeka, galanti yake imakhala kutsidya kwa malire. Nthawi zambiri makina apakatikati okhala ndi wogulitsa wokhazikika ku Harare amapindulitsa kuposa makina apamwamba opanda wowakonza.

Makina akale ochokera kugalaja yomwe yatseka atha kukhala mwayi, chifukwa ena adapangidwa molimba kwambiri. Komabe mayeso atatu aja ndi ofunika koposa pamenepa. Wogula ayang'ane mazinga a shafuti ngati sadadyeke, amvetsere phokoso la mabering'i, ndipo atsimikize kuti bolodi ya mtunduwo ikupezekabe.

Pomaliza, makina aliwonse amafuna kuchunidwa nthawi ndi nthawi kuti asasochere. Ambiri amadzichuna okha pogwiritsa ntchito kachitsulo kapadera, kawirikawiri ka magalamu 100. Wogulitsa achite zimenezi wogula akuona, ndipo amuphunzitse. Kachitsuloko, buku la malangizo, lisiti ndi kalata ya galanti zisungidwe pamalo amodzi otetezeka.

Malo ake ndi manja a mmisiri

Makina ambiri omwe amanenedwa kuti ndi onama alibe mlandu. Adangoikidwa pamalo olakwika. Masensa amamva kugwedezeka kulikonse, choncho makina ayenera kukhala pa simenti yolimba ndi yosalala, omangidwa pansi ndi mabawuti, kutali ndi kompuresa. Makina oikidwa pa matabwa kapena pa dothi, kapena otulutsidwa m'mawa n'kulowetsedwa madzulo, sangayeze molondola. Fumbi, dzuwa ndi mvula nazo ndi adani a bolodi. Ndalama ya simenti, denga ndi chitseko chokhoma iwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa makina.

Manja a mmisiri ndiwo amamaliza ntchito. Tizitsulo takale tichotsedwe, matope a mkati mwa limu apalidwe, miyala ya m'mizere ya tayala itokosoledwe, mpweya ukhale pa muyeso wake. Tayala lomwe mwalowa madzi limapereka manambala osinthasintha. Kenaka makina auzidwe miyeso itatu molondola: mtunda wa limu kuchokera pa makina, kutambalala kwa limu ndi kukula kwake. Muyeso umodzi ukalakwika, yankho lonse limalakwika. Pa matayala atsopano ambiri pamakhala kadontho kachikasu kosonyeza malo opepuka, ndipo kakayang'anizana ndi valavu tizitsulo tofunika timachepa.

Luso lotere limaphunziridwa. Ku Chitungwiza kuli malo a bungwe la Young Africa, lomwe lidayamba ntchito ku Zimbabwe mu 1998 ndipo limaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, kuphatikizapo umakanika. Gulu logula makina lionetsetse kuti anthu awiri kapena atatu akudziwa kuwagwiritsa ntchito, kuopa kuti mmodzi akachoka ntchito ingaime.

Masamu a ngongole

Magulu ambiri amapeza mpamba kudzera m'kusonkherana, komwe ku Zimbabwe amati mukando, ku Malawi banki mkhonde, ku Zambia chilimba ndipo ku Mozambique xitique. Ena amapita kumabungwe obwereketsa monga SMEDCO kapena Empower Bank, yomwe idatsegulidwa mu 2018 kuti izithandiza achinyamata. Kulikonse komwe ndalama yachokera, alangizi a magulu athandize mamembala kuwerengera asanasainire.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi ichi. Makina, simenti ndi chotetezera magetsi zadya madola 1,500 a ku America. Gudumu limodzi likulipiritsidwa madola 3, ndipo dola imodzi ikupita ku tizitsulo ndi magetsi. Pamafunika magudumu 750 kuti ndalama ibwerere. Galimoto ziwiri pa tsiku, masiku 6 pa sabata, ndiwo magudumu 48, ndipo ndalama ibwerera m'masabata 16. Ikakhala galimoto imodzi pa tsiku, masabata amapitirira 31. Apa chiwongoladzanja, lendi, malipiro a mmisiri ndi masiku a mdima sizinawerengedwe. Gulu lililonse liikemo mitengo ya kwawo, ndipo liwerengere za mwezi woipa.

Ku Zimbabwe, komwe madola a ku America akuyenda limodzi ndi ndalama ya ZiG yomwe idayamba mu Epulo 2024, gulu lidziwenso bwino ndalama yomwe ngongole idzabwezedwere ndi yomwe makasitomala azilipira.

Chenjezo pa mtovu

Tizitsulo tambiri takale ndi ta mtovu, womwe ndi poizoni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi wodziwika kuti ndi wosaopsa, ndipo ana ndiwo amavulala kwambiri muubongo. Anthu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akuvutikabe ndi mtovu wa mgodi womwe udatsekedwa mu 1994. Maiko a m'bungwe la European Union adaletsa tizitsulo ta mtovu pa galimoto zazing'ono kuyambira mu 2005, ndipo m'malo mwake pali ta zinki ndi ta chitsulo wamba. Tizitsulo tochotsedwa tisungidwe m'chitini chotseka, ana asaseweretse, ndipo tisasungunulidwe pa moto wophikira pofuna kupanga zolemetsa mbedza kapena ukonde. Mmisiri asambe m'manja asanadye.

Zomwe mlimi ayenera kuona

Mlimi safunika kubalansa matayala a thirakitala kapena a ngolo, chifukwa amayenda pang'onopang'ono. Koma pikapu yopita kumsika imafuna kubalansa nthawi iliyonse tayala latsopano likaikidwa, tayala likavulidwa pa limu pomata, ndiponso ikamenya dzenje mwamphamvu. Pogula tayala la kaunjika, awerenge manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Mwachitsanzo, 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala lomwe lakwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino.

Akafika pagalaja, mlimi asachoke pafupi ndi makina. Aone ngati mmisiri wachotsa tizitsulo takale, wapala matope ndipo wayeza limu. Akamaliza kukhoma, gudumu lizunguzidwenso ndipo mbali zonse ziwiri zionetse ziro. Mmisiri akayamba kuonjezera kachitsulo pamwamba pa kanzake, apa kena, apo kena, ndiye kuti pali cholakwika pa gudumu, pa makina kapena pa kamangidwe.

Woweruza womaliza ndi msewu. Kasitomala amene wachoka pagalaja n'kukwera msewu wa Seke, liwiro n'kufika 90 chiwongolero chili phee m'manja, amabweranso ndipo amauza anzake pa siteji. Amene wamva kunjenjemera komwe kuja asanaoloke mtsinje wa Manyame amauzanso anzake. Mbiri ziwirizi zimayambira m'sitolo muja, pa theka la ola lomwe wogula adapatula kuti ayese makina asanapereke ndalama ya gulu.